SEPP HERBERGER: MPHUNZITSI WA APHUNZITSI A MPIRA

Anthu okonda mpira wa miyendo akamva dzina la Sepp Herberger amakumbukira tsiku la 4 July, 1954, pamene timu ya dziko la West Germany inagonjetsa timu ya Hungary ndi zigoli 3 kwa 2 ndi kutenga Cikho ca Dziko Lonse. Herberger ndiye anali mphunzitsi wa timu imeneyo. Koma cikho ciri ngati dzungu la pamsika: woligula saganizira za munthu amene anabzala mbeu yake. Mbeu ya Herberger inabzalidwa zaka 7 cikho cisanabwere, m'dziko limene linali bwinja cifukwa ca nkhondo, pamene iye anasonkhanitsa amuna ocepa mu mzinda wa Cologne nayamba kuwaphunzitsa kaphunzitsidwe ka mpira.

Munthu ameneyu anali kukhulupirira kuti mpira ndi nchito yophunzitsika monga ukalipentala kapena ulimi, ndiponso kuti munthu wopatsidwa ana a eni kuti awaphunzitse ayenera kuyamba waphunzira iye mwini ndi kuyesedwa mayeso. Sabata ino tikukupatsirani mbiri ya moyo wake, zabwino zake pamodzi ndi zolakwa zake.

MWANA WA M'KOMBONI

Josef Herberger, amene anzake anali kumucha Sepp, anabadwa pa 28 March, 1897, ku Waldhof, dera la anthu ogwira nchito m'mafakitale mu mzinda wa Mannheim ku Germany. Anali mzime m'banja la ana 6. Atate wake anali kugwira nchito pa fakitale yopanga magalasi odziyang'anirapo, ndipo banja lonse linali kukhala m'nyumba ya kampani monga mmene akhalira anthu m'makomboni a pamigodi. Pamene Sepp anali ndi zaka 12, atate wake anamwalira, ndipo posakhalitsa banja linacoka m'nyumba ija popeza inali ya anchito a kampani okha. Mnyamatayo anali wanzeru m'kalasi, koma ndalama zopitirizira maphunziro panalibe. Atakwanitsa zaka 14 anasiya sukulu nayamba maganyu kwa omanga nyumba, ndipo pambuyo pake analowa nchito pa fakitale ya zitsulo.

Mpira anauphunzira pakati pa nyumba za m'komboni, pamodzi ndi ana anzake. M'caka ca 1914, ali mnyamata wamng'ono ndithu, analowa m'timu yaikulu ya Waldhof. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamudula miyendo kwa kanthawi pakuti m'caka ca 1916 anaitanidwa ku usilikali, koma atabwerako anachuka monga wosewera kutsogolo, pamodzi ndi anzake awiri, Karl Höger ndi Willi Hutter. M'caka ca 1921 anasankhidwa kusewerera dziko lake pa masewera a Finland ku Helsinki. Matimu awiriwo anafanana mphamvu, zigoli 3 kwa 3, ndipo ziwiri mwa zigoli za Germany anamwetsa ndi Herberger.

Caka comweco anagwa m'mavuto. Masiku amenewo lamulo la mpira ku Germany linali kuletsa wosewera kulandira malipiro. Herberger, mwana wa mkazi wamasiye, analandira ndalama zokwana 10,000 marks kucokera ku timu ina imene inali kumufuna, koma iye anapita ku timu ya VfR Mannheim. Nkhani inaululika, ndipo akuluakulu a mpira anamuletsa kusewera kwa moyo wake wonse. Pambuyo pa madandaulo cilango cinacepetsedwa kukhala caka cimodzi. Atabwerera m'bwalo anathandiza VfR Mannheim kukhala akatswiri a kummwera kwa Germany m'caka ca 1925. Dziko lake analisewerera katatu kokha.

ABWERERA KU SUKULU ALI NDI ZAKA 30

M'caka ca 1926 Herberger ndi mkazi wake Eva anasamukira ku Berlin, kumene anayamba kusewerera timu ya Tennis Borussia. Mu mzindawo munali koleji yaikulu yophunzitsa za masewera olimbitsa thupi, ndipo mmodzi wa aphunzitsi ake anali Otto Nerz, munthu wokulira ku Mannheim, amenenso anali mphunzitsi woyamba wa timu ya dziko. Herberger analibe setifiketi ya sekondale yolowera ku koleji, koma Nerz anaona nzeru zake namuthandiza kupeza cilolezo capadera. Motero munthu amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14 anakhalanso pa desiki ali ndi zaka 30, pakati pa anyamata omucepera msinkhu.

Kumeneko anaphunzira zinthu zimene wosewera mpira sazidziwa ngakhale atasewera zaka zambiri: mmene minofu ndi mtima zigwirira nchito, mmene thupi litopera ndi kupezanso mphamvu, ndi mmene munthu angafotokozere mnzake cinthu cimene iye amacita osaganizira. Anatsiriza maphunziro m'caka ca 1930, ndipo anali woyamba m'kalasi mwake. Nkhani imene analemba pa mayeso otsiriza inali yonena za njira yofikitsira wosewera mpira pa msinkhu wapamwamba.

Kuyambira m'caka ca 1932 anali mphunzitsi wa bungwe la mpira la kumadzulo kwa Germany, ndipo likulu lake linali ku Duisburg. Nchito yake inali kuyendera matimu a m'matauni ndi m'midzi, kuitana anyamata aluso ku misasa ya maphunziro ya masiku angapo, ndi kulangiza anthu oyang'anira matimu ang'ono-ang'ono. Ndi kumeneko kumene anayamba cizolowezi cimene anakhala naco moyo wake wonse, coyenda ndi kabuku m'thumba. M'kabukumo anali kulemba dzina la mnyamata aliyense amene wamuona, mwendo umene uli wamphamvu, cofooka cake, nchito imene agwira ndi mkhalidwe wa kwao. Pamene anamwalira anasiya mafayilo oposa 300 odzaza ndi zolemba zotere.

MASIKU A MDIMA

Mbiri ya munthu siyenera kubisa zipsera. M'caka ca 1933 Adolf Hitler anatenga boma la Germany, ndipo caka comweco Herberger analowa cipani ca Nazi. Caka cimeneco Ayuda anayamba kucotsedwa m'matimu a mpira, osewera ndi atsogoleri omwe. Julius Hirsch, Myuda amene anasewererapo timu ya dziko, anatengedwa kupita ku ndende ya Auschwitz m'caka ca 1943 ndipo sanabwerekonso. Herberger anapitiriza nchito yake pansi pa boma limenelo, nakwera pa udindo.

M'caka ca 1936, pa masewera a Olympic ku Berlin, Germany inagonja kwa Norway ndi zigoli 2 kwa 0 Hitler ali kuonerera. Nerz anataya ulemu, ndipo timu ya dziko inapatsidwa kwa Herberger. Caka cotsatira timu yake inakwapula Denmark zigoli 8 kwa 0 mu mzinda wa Breslau, ndipo anthu anayamba kuyembekezera cikho. Koma m'mwezi wa March, 1938, Hitler analanda dziko la Austria, ndipo andale analamula kuti timu yopita ku Cikho ca Dziko Lonse ikhale yosakaniza osewera a maiko awiriwo. Anthu amenewa anali ndi kaseweredwe kosiyana ndipo sanali kumvana. Switzerland inawaturutsa pa ndime yoyamba ku Paris. Herberger anaona ndi maso ake kuti kusonkhanitsa akatswiri 11 sikupanga timu.

M'zaka zomwezo anapeza mnyamata amene anadzakhala ngati mwana wake, Fritz Walter wa ku Kaiserslautern. Walter anasewerera dziko lake koyamba m'caka ca 1940 ali ndi zaka 19, namwetsa zigoli 3 pamene Germany inagonjetsa Romania 9 kwa 3. Anali ndi luso lodabwitsa, koma anali wofulumira kutaya mtima. Akalakwitsa kamodzi kapena akanyozedwa m'nyuzipepala anali kufota ngati nkhwani padzuwa. Herberger anazindikira kuti mnyamata wotere safuna kukalipiridwa. Anali kumulembera makalata, kuceza naye payekha ndi kumuonetsa kuti akumudalira.

Nkhondo yaciwiri itakula, masewera a timu ya dziko analekeka m'caka ca 1942. Herberger anayesa-yesa kupempha akuluakulu a asilikali kuti osewera ake asatumizidwe kutsogolo kwa nkhondo. Ena anawapulumutsa, ena ai. Adolf Urban, mmodzi wa anyamata amene anagonjetsa Denmark, anafera ku Russia m'caka ca 1943.

Nkhondo itatha, bwalo lofufuza anthu a cipani ca Nazi linagamula kuti Herberger anali wotsatira cabe, ndipo linamulipiritsa faindi. Atakalamba anali kulemberana makalata ndi Gottfried Fuchs, Myuda amene anamwetsa zigoli 10 pa masewera amodzi m'caka ca 1912, amene Herberger anali kumusirira ali mwana. Fuchs anali atathawira ku Canada. Herberger anapempha bungwe la mpira kuti limuitane monga mlendo wolemekezeka potsegulira bwalo latsopano la ku Munich m'caka ca 1972, koma bungwelo linakana.

SUKULU YA PA BWINJA

Pofika caka ca 1945 mizinda ya Germany inali milu ya njerwa. Anyamata ambiri anali atafa, ena anali m'ndende za adani, ndipo dziko linali litacotsedwa m'bungwe la mpira la dziko lonse, FIFA. Timu ya dziko kunalibe. Herberger anali ndi zaka pafupi-fupi 50, msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zopumula.

M'caka ca 1947 ku Cologne kunatsegulidwa koleji yatsopano ya masewera, ndipo Herberger anaitanidwa kukaphunzitsa mpira. Caka comweco anayambitsa maphunziro apadera a aphunzitsi a mpira, amene anthu ambiri amawacha makochi. Gulu loyamba linali la amuna pafupi-fupi 30. Kufikira nthawi imeneyo, m'matimu ambiri munthu anali kukhala mphunzitsi cifukwa cakuti kale anali wosewera wochuka, kapena cifukwa cakuti anali ndi mau aakulu. Munthu wotere anali kuthamangitsa anyamata kuzungulira bwalo mpaka atatopa, kenaka nkuwaponyera mpira. Herberger anali kudziwa kuti kudziwa kumenya mpira ndi kudziwa kuphunzitsa ndi maluso awiri osiyana, monga mmene kudziwa kudya nsima kusiyanira ndi kudziwa kuiphika.

Wophunzira wa ku Cologne anali kugawa nthawi yake pakati pa kalasi ndi bwalo. M'kalasi anali kuphunzira za thupi la munthu, za kuvulala ndi cithandizo coyamba, za malamulo a mpira, ndi za kaimidwe ka osewera pochinga ndi poukira. M'bwalo anali kuimirira pamaso pa gulu ndi kuphunzitsa cinthu cimodzi, monga kuimitsa mpira kapena kuupereka kwa mnzake, aphunzitsi ake ali kumuyang'ana. Anayenera kudziwa kuyambira pa cosavuta ndi kupita pa covuta, kuona colakwa ca wosewera ndi kudziwa cimene cacititsa, ndiponso kusiyanitsa zoyenera mwana ndi zoyenera munthu wamkulu. Potsiriza panali mayeso olemba ndi mayeso a m'bwalo, ndipo wopambana yekha ndiye anali kulandira setifiketi.

Amuna 30 sangaphunzitse dziko lonse, ndipo Herberger anali kudziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Ambiri mwa ophunzira ake analembedwa nchito ndi mabungwe a mpira a m'zigawo. Mabungwewa, mothandizidwa ndi ndalama zocokera ku mpikisano wolosera zotsatira za masewera, anamanga kapena kukonzanso sukulu za masewera m'malo monga Duisburg, Hennef, Barsinghausen ndi Grünwald. Ku sukulu zimenezi kunali kubwera anthu wamba, aphunzitsi a sukulu, akalaliki ndi anchito a m'mafakitale, amene madzulo anali kuyang'anira matimu a ana kwao. Anali kuphunzira kwa masiku angapo ndi kulandira setifiketi ya m'munsi. Kunali kubweranso anyamata osankhidwa m'maboma kudzayesana, ndipo maina a opambana anali kufika m'kabuku ka Herberger. Mwa njira imeneyi nzeru zinali kutsika kucokera ku Cologne kufika ku mudzi, ndipo ana aluso anali kukwera kucokera ku mudzi kufika ku timu ya dziko.

MVULA YA KU BERN

M'caka ca 1950 West Germany inalandiridwanso m'bungwe la FIFA, ndipo Herberger anabwerera pa udindo wake. Pa 22 November caka cimeneco anthu pafupi-fupi 100,000 anasonkhana ku Stuttgart kuonerera masewera oyamba, ndipo timu yao inagonjetsa Switzerland ndi cigoli cimodzi.

Pamene Cikho ca Dziko Lonse ca 1954 cinali kuyandikira, aliyense anali kunena kuti ndi ca Hungary. Timu imeneyo, yotsogozedwa ndi Ferenc Puskás, inali isanagonje kwa zaka 4. Inali itakwapula England 6 kwa 3 ku London ndiponso 7 kwa 1 ku Budapest. Herberger anapenda kaseweredwe kake napeza pamene panali cinsinsi. Wosewera wochedwa Nándor Hidegkuti anali kuvala nambala 9 ngati womwetsa zigoli, koma anali kubwerera pakati pa bwalo ndi kukoka womuchinga, motero kumbuyo kunali kutseguka njira yodutsa anzake.

Herberger anamanga timu yake pa osewera 5 a ku Kaiserslautern: Fritz Walter, mng'ono wake Ottmar, Werner Liebrich, Werner Kohlmeyer ndi Horst Eckel. Patangotsala milungu yocepa, Kaiserslautern inagonja 5 kwa 1 kwa Hannover pa masewera otsiriza a m'dziko, ndipo olemba nkhani anafuula kuti anthu amenewa asiyidwe. Iye sanamvere. Ku msasa wao ku Spiez, m'dziko la Switzerland, anaganizira ngakhale za kagonedwe. Fritz Walter, kaputeni wodera nkhawa uja, anamugoneka cipinda cimodzi ndi Helmut Rahn, mnyamata wanthabwala wosadziwa mantha, kuti wina acotse nkhawa za mnzake ndipo winayo aphunzire kudekha.

Atagonjetsa Turkey 4 kwa 1, anakumana ndi Hungary ku Basel. Herberger anawerengera kuti ngakhale atagonja adzakhala ndi mwai wokumananso ndi Turkey patapita masiku atatu, ndipo amenewo ndiwo anali masewera ofunika. Cotero anapumitsa osewera ake ambiri odalirika. Hungary inapambana 8 kwa 3. Kwao anthu anakwiya, makalata onyoza anafika ku msasa, ndipo ena anafuna kuti acotsedwe nchito. Koma anyamata opumula aja anagonjetsa Turkey 7 kwa 2, Yugoslavia 2 kwa 0 ndi Austria 6 kwa 1, nafika pa masewera otsiriza kukumananso ndi Hungary mu mzinda wa Bern.

Tsikulo kunagwa mvula. Fritz Walter anali atadwala malungo pa nthawi ya nkhondo, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa linali kumufooketsa, koma mvula inali bwenzi lake. Wosoka nsapato za timu, Adi Dassler, anali atakonza nsapato zokhala ndi zipolopolo zapansi zomasula, motero anaikamo zazitali zoyenera matope. Ngakhale zinali tero, patangopita mphindi 8 Hungary inali patsogolo ndi zigoli ziwiri, ca Puskás ndi ca Zoltán Czibor. Timu yosaphunzitsidwa bwino ikanabalalika pomwepo. Max Morlock anabweza cimodzi pa mphindi ya 10, ndipo Rahn anafananitsa pa mphindi ya 18. Horst Eckel, mnyamata wa zaka 22, anapatsidwa nchito yotsata Hidegkuti kulikonse kumene apita, ndipo Toni Turek pagolo anagwira mipira imene anthu anali ataiwerenga kale ngati zigoli. Kutatsala mphindi 6, Rahn anamwetsa cacitatu ndi mwendo wamanzere. Puskás analowetsanso mpira m'golo, koma woimbira anakana ponena kuti anali ataimirira pamalo oletsedwa. Dziko limene zaka 9 m'mbuyomo linali phulusa linatenga cikho.

ANA A SUKULU YAKE

Herberger sanakhalire kuyang'ana cikho. Miyezi itatu yokha itapita, mu October 1954, analowetsa m'timu ya dziko mnyamata wa zaka 17 wa ku Hamburg, Uwe Seeler, amene anaonekera m'matimu a acinyamata. Seeler anadzasewera pa mipikisano 4 ya Cikho ca Dziko Lonse. M'caka ca 1958 ku Sweden timu ya Herberger inathera pa nambala 4, ndipo m'caka ca 1962 ku Chile inaturutsidwa ndi Yugoslavia isanafike pa matimu 4 otsiriza.

Kwa zaka zambiri iye anali kudandaula kuti matimu a West Germany anali ogawidwa m'maligi 5 a m'zigawo, kumene timu yamphamvu inali kukumana ndi zofooka kawiri-kawiri, ndipo wosewera wacinyamata sanali kukula msanga. Kugonja kwa ku Chile kunatsegula makutu a akuluakulu. Pa 28 July, 1962, pa msonkhano wa ku Dortmund, anavomereza ligi imodzi ya dziko lonse, Bundesliga, imene inayamba mu August 1963 ndi matimu 16. Herberger anapuma pa nchito m'caka ca 1964, atatsogolera timu ya dziko pa masewera oposa 160.

Mphunzitsi amadziwika ndi ophunzira ake. Hennes Weisweiler, amene anali m'gulu loyamba lija la ku Cologne, anayang'anira maphunziro omwewo kuyambira 1957 kufikira 1970. Iye anatenga timu ya tauni yaing'ono, Borussia Mönchengladbach, naidzaza ndi anyamata monga Günter Netzer, Jupp Heynckes ndi Berti Vogts, kotero kuti anthu anaicha timu ya ana a akavalo. Inatenga ligi m'zaka za 1970, 1971 ndi 1975. Helmut Schön, amene anasewera pansi pa Herberger kuyambira 1937 nakhala womuthandiza kuyambira 1956, analowa m'malo mwake ndipo anatenga cikho ca maiko a ku Ulaya m'caka ca 1972 ndi Cikho ca Dziko Lonse m'caka ca 1974. Dettmar Cramer, amene anagwira nchito ku Duisburg kumene Herberger anayambira, anatumizidwa ku Japan m'caka ca 1960 kukaika maziko a mpira, ndipo m'caka ca 1968 Japan inatenga mendulo ya nambala 3 pa masewera a Olympic. Pambuyo pake Cramer anayenda m'maiko ambiri kuphunzitsa aphunzitsi m'dzina la FIFA, ndipo anaphunzitsanso timu ya Egypt muno mu Africa.

IMFA YAKE NDI ZIMENE ANASIYA

Herberger ndi mkazi wake sanabereke mwana. Anakalambira ku nyumba yao ku Hohensachsen, kufupi ndi Mannheim. Pa ukalamba wake anayamba kuyendera ndende, kuceza ndi akaidi za mpira ndi za moyo, ndipo Fritz Walter anapitiriza nchito imeneyi. Pa 28 March, 1977, tsiku limene anakwanitsa zaka 80, bungwe la mpira linakhazikitsa thumba la cithandizo lochedwa ndi dzina lake, lothandiza mpira m'masukulu, m'ndende ndi pakati pa olumala. Patapita mwezi umodzi, pa 28 April, 1977, anamwalira ndi nthenda ya mtima ku Mannheim. Mkazi wake atamwalira m'caka ca 1989, cuma cao cinapita ku thumba lija.

Njira imene anailambula inaonekanso phindu lake iye atapita kale. M'caka ca 2000 Germany inacita manyazi pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya, kumene inathera kumapeto kwa gulu lake. Akuluakulu a mpira anabwerera ku maziko. Analamula timu iriyonse ya ligi yaikulu kukhala ndi sukulu ya ana yokhala ndi aphunzitsi a masetifiketi, natsegulanso malo mazana angapo m'dziko lonse ophunzitsirako ana aluso. M'caka ca 2014 ana okulira m'dongosolo limeneli anatenga Cikho ca Dziko Lonse ku Brazil.

Ife a Zambia tinakumanapo ndi zipatso za sukulu imeneyi m'bwalo. M'caka ca 1988, pa masewera a Olympic ku South Korea, timu yathu yophunzitsidwa ndi malemu Samuel Ndhlovu inadabwitsa dziko lonse pokwapula Italy 4 kwa 0, koma West Germany inatibwezera zigoli zomwezo. M'caka ca 2017 anyamata athu a zaka zosapitirira 20, ophunzitsidwa ndi Beston Chambeshi, anatenga cikho ca Africa ku Lusaka, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse anagonjetsa anyamata a Germany 4 kwa 3. Izi zisonyeza kuti luso liripo pakati pa ana athu, ndipo likasamalidwa limaima ndi wina aliyense.

Awerengi, m'mera mpoyamba. Mwana amene adzavala malaya a dziko zaka 10 zikubwerazi lero ali kumenya mpira wa mapepala kuseri kwa sukulu ya m'mudzi, ndipo amene akumuyang'anira ndi mphunzitsi wa pulaimale kapena mkulu wina wodzipereka. Cimene munthu ameneyo adziwa ndico mwanayo adzadziwa, ndipo cimene alakwitsa cidzavuta kuongola mwanayo atakula. Bungwe la mpira la mu Africa, CAF, liri ndi masetifiketi a aphunzitsi oyambira pansi mpaka pamwamba. Amene muli ndi timu ya ana m'manja mwanu, funsani kwa oyang'anira mpira m'boma lanu za maphunziro amenewa, ndipo musacite manyazi ndi msinkhu. Herberger anabwerera ku sukulu ali ndi zaka 30, ndipo sukulu ya aphunzitsi anaiyamba ali ndi zaka 50.